Tiyi timaphika, timaviika kapena timafulula?

Tiyi wakhala akulimidwa m'Malawi muno kuyambira kale. Henry Brown anamubzala ku Mulanje mu 1891, ndipo lero minda yake ili mbali zonse za Mulanje, Thyolo ndi ku Kawalazi m'boma la Nkhata Bay. Koma mukamvetsera momwe tiyi amakambidwira m'Chichewa cholembedwa, monga m'timapepala ta malonda ndi m'nkhani zomasuliridwa, mungaganize kuti chakumwachi changofika dzulo. Mawu ake ndi obwereka mwaulesi, ndipo ena amasokeretsa wowerenga.

Tiyambe ndi mneni. Chingerezi chili ndi mawu amodzi, brew, omwe amagwira ntchito pa mowa ndi pa tiyi pomwe. Womasulira wothamanga akatsegula dikishonale amapeza "kufulula", n'kulemba kuti "kufulula tiyi". Ayi ndithu. Timafulula mowa ndi thobwa, ndipo mawuwa amabwera ndi chimera, mbiya ndi masiku odikira. Palibe mayi amene anauzapo mwana wake kuti akafulule tiyi alendo akudikira. Pakhomo timati "kuphika tiyi" kapena "kupanga tiyi", ndipo akatheka timati "tiyi wapsa", ngati nsima.

"Kuphika" ndi mawu oona, chifukwa ndi zomwe ambiri timachitadi. Madzi akawira timathira masamba m'poto kapena m'ketulo momwemo, nthawi zina ndi mkaka ndi shuga, zonse n'kubwatira limodzi, kenako n'kusefa. Tiyi wathu wamasiku onse, wa masamba ophwanyidwa tizidutswa ting'onoting'ono, amapirira zimenezi, makamaka mkaka ukakhalapo. Vuto limabwera mawu omwewo akalembedwa pa tiyi wa mtundu wina. Green tea, yemwe minda ina monga Satemwa ku Thyolo imapanga, safuna moto. Amafuna madzi omwe aphulidwa n'kupola pang'ono, kufika madigiri 70 kapena 80, ndipo masamba akhalemo mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Munthu akawerenga kuti "phikani", adzamubwatitsa monga anazolowera, tiyiyo adzawawa ngati mankhwala, ndipo paketi yodulayo idzathera pashelefu. Chonsecho mneni woyenera tili naye: kuviika. Timaviika mphale, timaviika nyemba, bwanji osaviika masamba? Kusiyana kwa kuphika ndi kuviika ndi kusiyana kwa njira ziwiri zenizeni, ndiye wolemba asankhe mneni poyang'ana zomwe manja akuchita.

Chachiwiri ndi mitundu. Black tea amamasuliridwa kuti "tiyi wakuda". Koma wakuda n'chiyani apa? M'Chingerezi mawuwa amanena za masamba omwe asiyidwa pampweya kufakitale mpaka kuda. Masamba a green tea amachokera ku chomera chomwecho, Camellia sinensis, kungoti amatenthedwa msanga kuti asasinthe mtundu. M'tiyirumu, munthu akanena za tiyi wakuda ambiri amamva kuti ndi tiyi wopanda mkaka. Ndiye chiganizo chakuti "tiyi wakuda amakoma ndi mkaka" chimamveka ngati chikudzitsutsa chokha. Komanso tayang'anani m'kapumo: tiyiyo sali bii, ali psuu. Anthu a ku China amamutchula tiyi wofiira pa chifukwa chomwechi, poona madzi osati masamba. Wolemba wosamala anganene kuti "tiyi wa masamba akuda" akafuna mtundu wa masamba, ndi "tiyi wopanda mkaka" akafuna zomwe zili m'kapu.

Chachitatu ndi kakomedwe. Pamsika wa tiyi ku Limbe mtengo umadalira zomwe akatswiri olawa apeza, ndipo kalawidwe kawo kali ndi muyezo. Wa ISO 3103 umati magalamu 2 a masamba pa mamililita 100 a madzi owira, aviikidwe mphindi 6. Akatswiriwa ali ndi mawu ambirimbiri a Chingerezi ofotokozera zomwe lilime lamva. Zikafika m'Chichewa cholembedwa, zonsezo zimathera pa "wokoma" ndi "wokoma kwambiri". Ena amati n'chifukwa chakuti chinenero chathu chilibe mawu a kakomedwe. Amenewo sanakhalepo kukhitchini. Tiyi wochepa masamba ndi wosukuluka, ali mbuu. Shuga akakwanira bwino timati wakolera, akapitirira timati ali tseketseke. Wokhalitsa pamoto amawawa, wothiridwa ndimu kapena wa chidede amawawasa, ndipo kuwawa ndi kuwawasa mwana aliyense amasiyanitsa. Ngakhale "kuzizira" kuli pawiri: ndiwo zozizira ndi zoperewera mchere, osati zongopola. Mawu alipo. Chomwe chimasowa ndi kulimba mtima kowalemba, chifukwa olemba ambiri amaona ngati mawu a kukhitchini sayenera papepala.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindingadzudzule, ndicho momwe mawu oti "tiyi" atambasukira. Anachokera ku Chingerezi, ndipo Chingerezicho chinawatenga kwa amalonda a ku Holland omwe anawamva kugombe la kummwera kwa China. Anzathu a Chiswahili ali ndi chai, a Chipwitikizi chá, kuchokera ku katchulidwe kena ka dzina lomwelo. Kwathu kuno dzinali linakhazikika m'gulu limodzi ndi fodya ndi shuga: tiyi uyu, tiyi wanga, tiyi amalimidwa. Kenako linakula. "Mwamwa tiyi?" likhoza kukhala funso la chakudya cham'mawa chonse. Mbatata, chinangwa, mandasi ndi masikono zinapeza dzina limodzi, "zomwera", kuchokera ku "kumwa" ndi kamphatikiri ka -er-. Chidede, rooibos wa ku South Africa ngakhale udzu wonunkhira ngati mandimu uja, zonse timaziti tiyi ngakhale sizichokera ku chomera cha tiyi. Wofuna kutsuka chinenero angadandaule, koma apa palibe amene amasokera, chifukwa timawonjezera dzina la chomeracho kutsogolo.

Muyezo wake ukhale womwewo paliponse. Tisamafunse ngati mawu ndi obwereka kapena ayi. Tizifunsa ngati munthu amene wawerenga angapite kukhitchini n'kukapanga tiyi womweka. "Zomwera" amakhoza mayeso amenewa. "Kufulula tiyi" ndi "phikani green tea" amalakwa, ndipo wolipira kulakwako ndi wogula, osati womasulira.