Mwana Womvera ndi Cirombo Cofiira

Anthu a ku China ali ndi liu lakuti xiao, limene litanthauza ulemu ndi kumvera kumene mwana ayenera kupatsa omubala. Ciphunzitso cimeneci ncakale ndithu, pakuti Confucius anacilimbikitsa zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo mabanja amene anaoloka nyanja kukakhala ku maiko ena anacitenga pamodzi ndi akatundu ao. Cithunzithunzi ca Turning Red, cimene kampani ya Pixar inaturutsa m'caka ca 2022, cifunsa za mwambo umenewu: kodi mwana womvera ataya ciani pa kumvera kwaceko?

Wocikonza ndiye Domee Shi, mkazi wobadwira ku Chongqing m'caka ca 1989, amene anakulira ku Toronto m'dziko la Canada. Nkhani yace anaiika m'mzinda womwewo, m'caka ca 2002. Mei Lee ndi mtsikana wa zaka 13, wanzeru m'kalasi, wosacedwa m'njira. Akaweruka ku sukulu athamangira kwao kukasesa m'kacisi wa makolo amene amai ace, Ming, asunga. Tsiku lina amaiwo apeza buku m'mene Mei anajambula mobisa mnyamata wogulitsa m'sitolo. Osafunsa kanthu, amtenga mwanayo usiku womwewo nakamkalipira mnyamatayo pamaso pa ana a sukulu. Mei ameza manyazi ace. M'mawa mwace adzuka atasanduka panda wofiira wamkuru.

Panda weniweni ndi kanyama ka m'mapiri a Himalaya ndi China, kokulirapo pang'ono kuposa mphaka. Koma wa m'nkhaniyi ndi cirombo codzaza cipinda, cimene cituruka nthawi iri yonse mtima wa mtsikanayo ukabvunduka. Akazi onse a pfuko lace anabadwa naco, kuyambira kwa kholo lao Sun Yee, amene anacipempha kwa milungu kuti acinjirize ana ace pa nthawi ya nkhondo. Mankhwala ace ndi mwambo wocitika usiku wa mwezi wofiira, pamene agogo ndi azakhali asonkhana kuti atsekere cirombo m'cithumwa. Wodziwa za cinamwali sadzadabwa kuona akazi akuruakuru atazinga namwali ndi nyimbo. Kusiyana kwace nkwakuti kuno salangiza cirombo, angocimanga.

Mphamvu ya cithunzithunzici siiri m'zoseketsa, ngakhale ziripo zambiri. Iri pa malo amodzi acete. Mei wakhala akunama kwao, nasonkhanitsa ndalama pamodzi ndi anzace atatu, Miriam, Priya ndi Abby, kuti akaone gulu la oyimba lochedwa 4*Town. Cinsinsi cikaululika, Ming aloza cala anzacewo kuti ndiwo anasokeretsa mwana wao. Atsikanawo ayang'ana Mei kuti anene zoona. Iye aweramitsa mutu, nalowa m'galimoto la amai ace. Pamenepo palibe womenyedwa, palibe wotukwanidwa, ndipo kholo lodutsa m'njira likadati, “Ameneyu ndiye mwana woleredwa bwino.” Komatu kumvera kwaceko kwamphunzitsa kupereka abwenzi ndi kunama kawiri, kwa amai ndi kwa iye mwini. Domee Shi sanaonjezepo mau ofotokoza, ndipo anacita bwino.

Cinanso cotamandika ndico cakuti Ming sanamuyese mdani. Pafupi ndi mapeto, Mei alowa m'nkhalango ya nsungwi ya mizimu, napeza mtsikana wa msinkhu wace alikulira. Mtsikanayo ndiye amai ace pa ubwana wao. Iwonso anayesetsa kukhala mwana wangwiro, kufikira tsiku limene cirombo cao cinabvulaza owabala pa mkangano wa za Jin, mnyamata amene anadzakhala atate wa Mei. Cipsera ciri pa nkhope ya agogo kufikira lero. Apa woonera azindikira kuti ukali wa Ming ndi mantha akale a mwana amene sanadzikhululukire, ndi kuti goli limene asenzetsa Mei ndilo lomwelo linatupitsa phewa lao. Wokonzayo anayamba kale kuganizira zotere m'kacithunzi kakafupi ka Bao, ka 2018, kamene kanalandira mphotho ya Oscar. M'menemo mai ameza mwana wace wa mkate poopa kuti angacoke pa khomo.

Zolakwika ziripo. Ndeu ya zirombo m'bwalo la SkyDome ndi phokoso lopangira ana ang'ono, ndipo ifulumiza ciyanjano cimene m'banja leni-leni cikadatenga zaka. Bala la mibadwo itatu silipola usiku umodzi cifukwa ca nyimbo. Ndiponso cinthu cimene Mei aukira amai ace, ndico kukaona anyamata oyimba, ncopepuka. Wacinyamata amene anakangana ndi atate ace pa za nchito kapena ukwati angaone ngati mlandu wace waucepsa. Jin naye amsiya m'khichini nthawi yaitali. Munthu wofatsayo adziwa zonse za mkazi wace ndi mwana wace, koma atsegula pakamwa zinthu zitatsala pang'ono kuonongeka, ndipo cithunzithunzi sicimfunsa mlandu wa kukhala cete kwaceko.

Komabe mapeto ace sanama konse. Mei akana kumanga cirombo cace, pamene amai, agogo ndi azakhali abwezera zao m'zithumwa, popeza ncovuta kuti munthu wamkuru aphunzire mayendedwe ena. Mtsikanayo sathawa pa khomo; asesabe m'kacisi, alandirabe alendo pamodzi ndi amai ace. Koma tsopano aturuka ndi anzace, makutu ndi mcira wa panda ziri poyera, ndipo Ming atsala pa khomo alikumuyang'ana.