Agogo Si Nambala ya m'Kabuku

Pa tsiku la odwala matenda a shuga kuchipatala, namwino amayeza magazi, nalemba nambala m'kabuku, napereka malangizo amodzimodzi kwa onse: mgaiwa, ndiwo zamasamba, tiyi wopanda shuga. Malangizo ameneŵa sitikuwatsutsa ayi. Koma agogo a zaka 75, amene amangodya chimene mpongozi wapakula, adzawatsata bwanji pamene mpongoziyo sanaitanidwe?

Pali choopsa china chimene ife achibale sitichidziŵa. Mankhwala ena, monga glibenclamide, amatsitsa shuga mopitirira muyeso mwa okalamba, makamaka akamwa osadya. Munthu amanjenjemera, natuluka thukuta, nayankhula zosokonekera. Ife timangoti ndi ukalamba. Ena, mwatsoka, amayamba kunong'ona za ufiti. Chonsecho chofunika chinali shuga wosungunula m'madzi, ndiponso kubwerera kwa dokotala.

Za mumtima ndiye sizifunsidwa n'komwe. Odwala shuga amagwidwa ndi nthenda ya kukhumudwa kaŵirikaŵiri kuposa anzawo, ndipo wokhumudwa amaleka mankhwala mwakachetechete. Mzere wa odwala ndi wautali, tikudziŵa. Komabe kuwavula nsapato agogo, kuona zilonda kumapazi, ndi kufunsa amene amakhala nawo pakhomo, sikungathe mphindi zisanu.