Laibulale ya M'thumba

Pamene moto unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu mu Disembala 2015, mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa tsiku limodzi. Lero wophunzira amayenda ndi mabuku oposa amenewo m'lamya ya m'thumba mwake. Ichi tiyenera kuchiyamika. Ndiponso m'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa sukulu, ena anapitiriza maphunziro pa intaneti, ngakhale kuti a kumudzi, osoŵa magetsi ndi ndalama za bandulo, anatsalira m'mbuyo.

Koma, makolo anzathu, chilipo chotidetsa nkhaŵa. Kale mwana ankasanthula mabuku atatu otsutsana, naweruza yekha limene likunena zoona. Thukuta limenelo ndilo linali kuphunzira. Chiyambire kumapeto kwa 2022, ChatGPT imamulembera nkhani yonse m'kamphindi, mosalala bwino, nthaŵi zina n'kutchula mabuku amene sanalembedwepo n'komwe. Wosazoloŵera kukayika angokopera. Nanga mphunzitsi mmodzi wa ophunzira mazanamazana adzazindikira bwanji? Malikisi adzakwera, digiri idzabwera, ife tidzaimba nthungululu.

Komatu mwana yemweyo ndiye namwino amene adzayeze mankhwala a mdzukulu wathu pa chipatala cha kumudzi, usiku, netiweki itathaŵa.