Gloria wa Vivaldi: luso lodziwa potsitsa mawu

Dzina la Gloria ndi mwana poliyerekeza ndi nyimbo yake. Ndi liwu la Chilatini lotanthauza ulemerero, koma linayamba kufala ngati dzina la munthu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, alembi monga Benito Pérez Galdós ndi George Bernard Shaw atalipereka kwa atsikana a m'nkhani zawo. Nyimboyo ndiye ndi yamakedzana. Inayamba m'Chigiriki ngati pemphero la m'mawa, ndipo ikupezeka mu Codex Alexandrinus, buku lolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 400. Akatolika akuno amangoti nyimbo ya Ulemu.

Mawu ake amavutitsa opeka nyimbo. Mizere ndi yosalingana, ndipo mtima wake sukhala pamodzi: imayamba ndi uthenga wa angelo wa pa Luka 2:14, imawunjika matamando, kenaka pakatipo imagwada n'kupempha chifundo. Wopeka wofulumira amangoona matamandowo.

Antonio Vivaldi anaona zonse. Wansembe wa ku Venice ameneyu ankaphunzitsa vayolini ku Ospedale della Pietà, nyumba yolerera ana otayidwa, yomwe atsikana ake anatchuka ndi kuimba. Cha m'ma 1715 anapeka Gloria amene lero amadziwika ndi nambala ya RV 589, wa zigawo 12. Choyamba ndi chikondwerero chokhachokha: lipenga likulira, mavayolini akudumphadumpha, kwaya yonse ikufuula pamodzi. Munthu amaganiza kuti ziyenda chomwecho mpaka kumapeto.

Ayi ndithu. Pa chigawo chachiwiri, chonena za mtendere pansi pano, lipenga limangoti zii. Nyimbo imachoka mu D major n'kulowa mu B minor, ndipo oimba amabwera mmodzimmodzi kuyambira a mawu apansi, ngati anthu odzapepesa maliro. Mawu amakhulana dala, kuchedwa kugwirizana, mwakuti womvera amayamba kulakalaka kuti afike popumira. Bwanji mtendere uimbidwe mwachisoni chotere? Ine ndimamva kuti Vivaldi akuuimba ngati chinthu chomwe anthu akuchipemphabe, ndipo apa ndi pamene nyimbo yonse yatsamira. Lipengalo salibweza mpaka chigawo cha 11. Likamadzamvekanso, khutu limakhala litalisowa.

Pofika popempha chifundo amachepetsanso zida. Woimba mmodzi wa mawu a alto amatsogolera, chelo ikumuperekeza chapansipansi, kwaya n'kumavomera mwachidule. Aliyense wokulira kuno adzazindikira kaimbidwe kameneka ka wotsogolera ndi ovomera, kungoti apa kakuyenda chogwada.

Si zonse zokoma mofanana. Chigawo cha 11 chimangobwereza choyamba mwachidule, ndipo chomaliza Vivaldi anachita kubwereka kwa Giovanni Maria Ruggieri n'kuchikonzako. Masiku amenewo kubwereka sikunali mlandu, komabe dzanja la munthu wina limamveka: n'cholongosoka, koma chilibe moto wa mwiniwake.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utatsekula khomo la zinenero za anthu pa Misa, Ulemu unalowa m'Chichewa pamodzi ndi ng'oma, visekese ndi nthungululu. Palibe chodandaulitsa pamenepo. Usiku wa Pasaka, anthu atakhala Lenti yonse osaimba nyimboyi Lamulungu, mabelu akalira tchalitchi chimagwedezeka, ndipo n'koyenera. Chomwe chimandivuta ndi chakuti opeka ena amatenga kayimbidwe kamodzi kovinika n'kupanikiziramo mawu onse. Wapakiyibodi sasintha kagundidwe, ovina sasintha sitepe, ndipo mpingo umapempha chifundo kwa Mwanawankhosa uku ukutyola chiuno. Wang'oma akanangokweza manja pa mizere yochepa imeneyo, wotsogolera n'kutsala yekha ndi ovomera ake, anthu akanamva chomwe akupempha.