Dokotala wa mbali iti?

Mu 2002 bungwe la madokotala oona zaumoyo wa pantchito ku America, ACOEM, linatulutsa chikalata chonena kuti palibe umboni wokwanira woti poizoni wa nkhungu ya m'nyumba amadwalitsa munthu woupuma. Maloya oimira eni nyumba ndi makampani a inshuwalansi anachinyamula kupita nacho m'makhoti. Mu 2007 nyuzipepala ya Wall Street Journal inaulula kuti olemba ake ankalipidwa pochitira umboni mbali yoimbidwa mlandu, zomwe chikalatacho sichinatchule.

Sitikunena kuti zonse zolembedwamo n'zabodza. Chotidandaulitsa n'chakuti woweruza ndi wodwala anabisiridwa dzanja lodyetsa mboniyo, choncho sakanatha kuyeza kulemera kwa mawu ake. Mu 2009 bungwe la WHO linatsimikiza kuti chinyontho ndi nkhungu m'nyumba zimayendera limodzi ndi chifuwa komanso mphumu.

Nkhaniyi si yakutali. Abale athu a ku Mangochi ndi ku Machinga amakalima fodya monga matenanti kwa Njombwa ku Kasungu, n'kumagona m'zisakasa zodontha dzinja lonse. Mu 2020 alimi a fodya a ku Malawi anasumira British American Tobacco ndi Imperial Brands ku khoti la ku London. Milandu yotereyi imatsamira pa mawu a akatswiri.

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti umboni ndi amana, ndipo kuubisa ndi tchimo. Dokotala alandire malipiro ake, koma aulule amene wamulipira. Ifenso tisanavomere mawu a katswiri pa chifuwa cha mwana wathu, tiyambe tafunsa amene wamutuma.