Kuloweza Mawu si Kuwerenga

M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu. Mwana amene wapunthwa pa kuwerenga m'Sitandade 1 amatsimphina mpaka kusekondale, pakuti phunziro lililonse, kaya ndi masamu kaya mbiri yakale, limadzera m'buku. Tiyeni tsono tiunike njira ziwiri zimene ana a m'Malawi akhala akuphunzirira kuwerenga, ndipo tiziyeze ndi mwana wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Njira yoyamba ndi ya maphatikizo, imene makolo athu amaikumbukira ndi buku la Sosa. Dzina la bukuli linali loyenera ndithu, chifukwa mlimi amayamba wasosa asanaunde mizere. Mwana ankayamba ndi malembo asanu a liwu, kenaka n'kuwaphatikiza ndi malembo opanda liwu, mpaka mawu athunthu atabadwa pakamwa pake. Njira yachiwiri ndi yoloweza mawu athunthu. Mphunzitsi amaonetsa chithunzi ndi mawu ake, ana n'kumabwereza mpaka atawazindikira pongowaona. Silabasi imene inayamba mu 2007 inatsamira kwambiri ku njira imeneyi. Koma kafukufuku wa EGRA wa mu 2010 anapeza kuti ana oposa 70 mwa 100 alionse a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la m'kankhani kafupi ka Chichewa. Kuchuluka kwa ana m'kalasi, kumene kunakula sukulu yaulere itayamba mu 1994, kunathandizira vutoli, koma njirayo nayonso siingathawe mlandu.

Kuloweza kuli ndi malo ake m'Chingerezi, mmene kalembedwe ndi katchulidwe nthawi zina sizigwirizana. Mwana akati aphatikize mawu akuti "one" adzanena kuti o-ne, choncho n'koyenera kuti angowaloweza. Chichewa sichitero. Chimalembedwa pafupifupi monga mmene chimamvekera, ndiponso mawu ake amamera nthambi. Kuchokera pa tsinde limodzi la -ona timapeza ndaona, tidzaonana, sindinakuone ndi sanationetse. Kodi mwana angaloweze zonsezi ngati zithunzi? Amene waloweza mawu makumi asanu amathera pomwepo, pamene amene wadziwa maphatikizo amatha kuwerenga ngakhale mawu amene sanawaonepo. Nchifukwa chake Ndondomeko ya Kuwerenga ya dziko lonse, imene inayamba mu 2016, inachita bwino kuika patsogolo maliwu a malembo ndi maphatikizo.

Komabe tisafulumire kuimba nthungululu. Maphatikizo paokha amabala ana oimba m'malo mwa ana owerenga. Kalasi yonse imatha kufuula ba, be, bi, bo, bu maso ali kunja. Mwana wina amawerenga phatikizo limodzilimodzi ngati nkhuku yotola chimanga, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala poyambira. Kuwerenga mosadodoma kumafuna zinthu zitatu: kutchula molondola, liwiro loyenera, ndi kukweza kapena kutsitsa mawu moyenera. Chachitatuchi n'chofunika kwambiri kwa ife, pakuti kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, ndipo amene amawasiyanitsa powerenga mokweza ndi yekhayo amene wamva tanthauzo la chiganizo chonse.

Apa ndi pamene mwana wa kuchigwa cha Shire amatipatsa phunziro. Mwana wa Chimang'anja savutika kwambiri, popeza chilankhulo chake ndi Chichewa n'zapachibale chenicheni. Koma ana ambiri, makamaka ku Nsanje, amakula akulankhula Chisena. Pamene buku likuti zinthu, iwo kwawo amati pinthu. Pamene likuti chiyani, iwo amati ninji. Kulonga kwa iwo ndi kulankhula, pamene m'Chichewa ndi kuika katundu m'thumba. Mwana wotere angathe kuphatikiza bwinobwino koma osamva chimene watchula. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo chakwawo, koma mabuku owerenga anakhalabe a Chichewa. Onjezanipo kusefukira kwa madzi, monga kwa mu 2015 ndi kwa namondwe Freddy mu 2023, pamene mabuku ananyowa ndipo makalasi anasanduka misasa ya othawa madzi. Pambuyo pa tchuthi chokakamiza chotere, zoloweza zimauluka msanga kusiyana ndi luso lophatikiza.

Nanga tichite chiyani? Maphatikizo akhale maziko. Mphunzitsi ayambe ndi mawu amene Chisena ndi Chichewa zimagawana, monga madzi, nyumba, mbuzi ndi mwana, kuti mwana amve kukoma kowerenga chinthu chimene akuchidziwa. Mawu achilendo afotokozedwe asanawerengedwe. Timawu tobwerabwera monga ndi, kuti, koma ndi ngati, mwana atizolowere pokumana nato kawirikawiri m'nkhani, osati pamndandanda wa pabolodi. Koposa zonse, mwana aliyense awerenge mokweza payekha, nkhani yomweyo kawiri kapena katatu, wina akumumvetsera, kenaka afotokoze zimene wamva.

Mphunzitsi mmodzi sangamvetsere ana onse a m'kalasi yodzaza tsiku limodzi. Mutu umodzi susenza denga. Inu ophunzira a kusekondale muli ndi abale anu aang'ono kunyumba. Akhalitseni pamphasa madzulo, awerenge inu mukumva, ndipo akamaliza muwafunse kuti nkhaniyo ikunena chiyani. Akayankha m'mawu awoawo, ngakhale m'Chisena, dziwani kuti mbewu yamera.