Mlonda wa makiyi osaoneka

Madzulo, anzake akamathamangira ku Bwandilo kukadya kanyenya, katswiri wa makompyuta pa ofesi ina ku Area 47 amatsalira. Amakhala m'kachipinda kozizira, maso ali pa seva yotchedwa domain controller, yomwe imasunga mayina ndi mapasiwedi a ogwira ntchito onse. Sevayi ikafa, palibe angalowe pa netiweki ya ofesi, kaya bwana, kaya kalaliki.

Ntchito yake ndi yakachetechete. Amakopera zonse za mu Active Directory, kaundula wa mu sevayi, pa diski ina, n'kuizula pa netiweki, n'kukaisunga ku nyumba ina. Chosiririka n'chakuti sakhutira ndi kukopera kokha: amayesa kudzutsa seva ina ndi kopeyo, monga mlimi amasuzumira m'nkhokwe kuona ngati anankafumbwe alowa.

Kufunika kwa kopeyo kunaoneka mu 2017, pomwe vayirasi ya NotPetya inafafaniza ma domain controller a kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk, pafupifupi 150. Imodzi yokha, ya ku Ghana, inapulumuka chifukwa magetsi anali atazima! Diski yake anainyamula pa ndege kudzera ku Nigeria mpaka ku England, ndipo kampani inadzukira pamenepo.

Kuno kwathu, mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowerera makina a mapasipoti ndipo zikufuna dipo. Anthu anadikira masabata ambiri.

Mabwana, katswiriyu akapempha diski yatsopano, mugulireni msanga.